Olirira misewu ya zii akayende ku Albania

Pali nthenda ina imene imagwira anthu ufulu ukangokhalitsa pang'ono, ndipo dzina lake ndi kuiwala. Munthu akaima pa siteji maola awiri dzuwa likuswa mtengo, minibasi osabwera, kapena ikabwera n'kumupakira ngati thumba la makala, amayamba kung'ung'udza kuti bola kale, nthawi ya chipani chimodzi zinthu zinkayenda mwadongosolo. Mawu otere timawamva kuno kwathu, ndipo amamvekanso ku Albania, kadziko ka ku Ulaya kamene kadakhala kotsekedwa zaka zoposa 40. Ife pa tsamba lino tikuti mawu amenewa ndi bodza, bodza lake loopsa, chifukwa ndi limene limatsegulira khomo olamulira ankhanza kuti abwererenso. Wofuna umboni atsagane nafe m'misewu ya dzikolo, tione mmene mlendo amayendera masiku ano ndi mmene ankayendera m'masiku a dongosolo akulirirawo.

Tiyambe taliona dzikolo. Kukula kwa Albania ndi masikweya kilomita 28,748, ndiye kuti likungoposa pang'ono Chigawo cha Kumpoto cha dziko lathu lino. Kumadzulo kwake kuli nyanja ziwiri zamchere, Adriatic ndi Ionian, ndipo tsidya lake ndi Italy. Kumtunda lidachita malire ndi Montenegro, Kosovo, North Macedonia ndi Greece. Gawo lalikulu la dzikoli ndi mapiri okhaokha, ndipo lalitali pa onse ndi Korab, la mamita 2,764, lotsalira pang'ono kwa Sapitwa wathu wa ku Mulanje. Kalembera wa m'chaka cha 2023 adapeza anthu 2.4 miliyoni, koma chaka chomwecho alendo olowa m'dzikomo adaposa 10 miliyoni. Aliyense mwa alendo amenewa amafunika kuchoka apa kukafika apo, ndipo nkhani yathu yagona pamenepo.

Mlendo wobwera pa ndege amatera ku Rinas, pa bwalo limene adalitcha dzina la Mother Teresa, makilomita pafupifupi 17 kuchokera mu likulu la Tirana. Wobwera panyanja amatsikira pa doko la Durrës kapena la Vlorë kuchokera ku Italy, apo ayi ku Sarandë kuchokera pa chilumba cha Corfu cha ku Greece. Akafuna kupitirira m'katikati mwa dziko amakumana ndi mfumu ya misewu ya kumeneko, imene eni ake amaitcha furgon. Mmalawi sangaidabwe furgon ayi. Ndi minibasi yathu yomweyi. Chikwangwani cha kumene ikupita chimakhala pa galasi lakutsogolo, ndalama umapereka pamanja kwa dalaivala, imaima paliponse pamene munthu wakweza mkono, ndipo kawirikawiri nthawi yake yonyamukira ndi pamene mipando yadzaza.

Mabasi akuluakulu aliponso a maulendo ataliatali, monga wochoka ku Tirana kupita ku Sarandë kumwera, umene umadya maola 5 kapena kuposa apo. Koma mlendo adziwe kuti dziko limeneli limayenda m'mawa. Dzuwa likapendeka magalimoto opita m'maboma a kumapiri amasowa, ndipo wozengereza amagona pomwepo. Nthawi yolembedwa pa intaneti ndi imene akuidziwa dalaivala sizigwirizana masiku onse, choncho wanzeru amafunsiratu kwa eni malo dzulo lake, paja safunsa adadya phula. Pa ndalama palinso msampha. Ndalama yawo ndi lek, ndipo m'chaka cha 1965 boma lidaisintha kuti ma lek 10 akale akhale lek imodzi yatsopano, koma mpaka lero anthu ambiri amatchula mitengo m'chiwerengero chakale chija. Wogulitsa akati 1,000 mwina akutanthauza 100. Mlendo wosadziwa amatulutsa kakhumi mtengo weniweni, ndipo akapanda kukumana ndi munthu wachilungamo ndalamayo yapita.

Amene thumba lawo ndi lonona amachita hayala galimoto n'kumayendetsa okha, atakumbukira kuti kumeneko amayenda kudzanja lamanja la msewu. Msewu wakale wa m'mbali mwa nyanja, wochoka ku Vlorë kupita ku Himarë ndi Sarandë, umakwera phiri la Llogara mpaka mamita oposa 1,000, kenaka n'kutsetsereka mokhotakhota nyanja ili pansi apo. Amene adatsikapo pa Chiweta kapena kukwera Golodi wa ku Livingstonia akudziwa mmene mtima umachitira pa malo otere. Kumpoto ulendo wotchuka ndi wonyamuka ku Shkodër mbandakucha pa furgon kukafika pa damu la Koman, kukwera boti loyenda maola pafupifupi 3 pa nyanja yopapatiza pakati pa mapiri mpaka ku Fierzë, kukweranso furgon ya ku Valbonë, ndipo m'mawa mwake kuyenda wapansi tsiku lathunthu kudumpha phiri kutsikira ku Theth. Njira yapansiyo imatsekeka ndi chipale chofewa m'nyengo yozizira. Msewu wochoka ku Theth kubwerera ku Shkodër adamaliza kuuthira phula m'chaka cha 2021, kale lonse udali wa miyala wofuna galimoto zamphamvu.

Kuyenda kotere n'kotopetsa, sitikana. Mu Tirana magalimoto amathithikana kuyambira m'mawa, mahutala ali pakamwa, woyenda pansi akuwoloka msewu mwa pemphero. Ndiye pamabwera anzathu aja ndi nyimbo yawo. Amatulutsa zithunzi za m'ma 1980 zoonetsa misewu ikuluikulu ya mu Tirana ili mbee, wapolisi ataima pakati akulondolera njinga zingapo ndi basi imodzi, n'kumati taonani mtendere umene udalipo. Si alendo okha amene amatero. Kafukufuku amene bungwe la OSCE lidatulutsa m'chaka cha 2016 adapeza kuti pafupifupi theka la nzika za Albania zimene zidafunsidwa zinkaona kuti Enver Hoxha, wolamulira wankhanza wa dzikolo, adachita zabwino m'mbiri yawo. Choncho nkhaniyi si yoseka nayo. Tiyeni tifunse funso limene zithunzizo siziyankha: kodi msewuwo udali zii chifukwa chiyani?

Enver Hoxha, amene dzina lake amalitchula kuti Hoja, adatenga dziko m'chaka cha 1944 ndipo adalitula m'manja ndi imfa m'chaka cha 1985. Adayambana ndi Yugoslavia mu 1948, ndi Soviet Union mu 1961, ndi China mu 1978, mpaka adatsala yekhayekha ngati chitsa pakati pa munda. Mu ulamuliro wa chipani chake munthu wamba sankaloledwa kukhala ndi galimoto yakeyake, ndipo chiletso chimenechi chidatha m'chaka cha 1991. Magalimoto ochepa amene ankaoneka adali a boma ndi a akuluakulu a chipani. Mphunzitsi, namwino ndi mlimi ankayenda pa njinga, pa ngolo, pa lole ya boma, pa sitima, apo ayi wapansi. Msewu udali zii chifukwa eni msewu adawamana choyendera. Kumanda nakonso kumakhala bata, koma sitidamvepo munthu akupempha kuti asamukireko.

Kuyenda kwenikweniko kudali ndi malire. Munthu sankangodzuka n'kuti lero ndasamukira ku Tirana. Pankafunika chilolezo, ndipo boma ndilo linkasankha kumene munthu akagwire ntchito. Madera a m'malire, kuphatikizapo mapiri ndi magombe ena amene alendo akujambula masiku ano, ankafuna chiphaso chapadera. Kuyesa kutuluka m'dziko udali mlandu woukira dziko, chilango chake zaka zambirimbiri m'ndende ngakhale imfa imene, ndipo achibale otsala ankawasamutsira ku midzi ya chilango kumene ankakaonekera kwa apolisi tsiku ndi tsiku. Pa gombe la Ksamil, pamene lero alendo amagona pa mchenga, chilumba cha Corfu chimaoneka ndi maso, makilomita owerengeka chabe. Achinyamata ankayesa kusambira usiku kuti akafike tsidyalo. Ena adafika, ena adamira, ena adawomberedwa ndi asilikali a dziko lawo lomwe. Pakati penipeni pa Tirana padali dera lotchedwa Blloku, kumene kunkakhala Hoxha ndi akuluakulu anzake, ndipo munthu wamba sankapondako phazi. Lero ndi kumene achinyamata amamwera khofi.

Nanga simenti ndi zitsulo zimene zikadamanga misewu zidapita kuti? Mlendo sachedwa kuona yankho pa windo la furgon. M'minda, m'magombe, m'mapiri ndi m'mbali mwa misewu muli tinyumba ta konkire tooneka ngati bowa, tobisalamo asilikali. Hoxha adamangitsa toposa 173,000 podikira adani amene sadabwere. Dziko la mapiri limene linkasowa milatho ndi misewu yolumikiza midzi lidakwirira chuma chake m'maenje chifukwa cha mantha a munthu mmodzi, ndipo padalibe nyuzipepala, phungu kapena mbusa woti afunse. Abusawo adali atawatseka kale pakamwa, pakuti m'chaka cha 1967 matchalitchi ndi mizikiti yonse m'dzikomo idatsekedwa.

Mlendo naye ankalowa ngati mbuzi yopita ku msika, chingwe chili m'khosi. Ankabwera m'magulu, kudzera ku kampani imodzi ya boma yotchedwa Albturist, imene inkamusankhira hotela yogona, basi yokwera, fakitale yokaona ndi munthu womuperekeza. Kupatuka pa gulu n'kumayenda wekha kumene wafuna sikunkaloledwa, ndipo nzika yocheza ndi mlendo inkadziitanira apolisi achinsinsi otchedwa Sigurimi. Anthu a ku America ndi atolankhani kawirikawiri ankakanizidwa kulowa. Mwamuna wofika ndi ndevu kapena tsitsi lalitali ankakumana ndi wometa pa chipata, ndipo wovala zimene boma linkati n'zosayenera ankauzidwa kuti asinthe asanaponde m'dziko. Ulendo wotere unkayendadi pa nthawi yake. Basi siinkachedwa, chifukwa panalibe china choti chiichedwetse.

Apa awerengi achikulire akumwetulira mowawidwa mtima, chifukwa izi si zachilendo kwa iwo. Nafenso tidali ndi lamulo la kavalidwe la 1973 loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi. Nafenso alendo atsitsi lalitali ankametedwa pa bwalo la ndege, ndipo Mmalawi wopanda khadi la chipani ayufi ankamubweza pa khomo la basi ndi pa chipata cha msika. Hoxha adali wa chikomyunizimu, Kamuzu adali mdani wa chikomyunizimu, koma lumo lawo lidali limodzi. Olamulira ankhanza amasiyana mbendera, koma onse amaopa munthu woyenda, chifukwa woyenda amaona, ndipo woona amayamba kuyerekeza kwawo ndi kwa anzake. Alendo amene ankabwerera kwawo n'kumakatama ukhondo wa Blantyre kapena bata la Tirana adangoona chikomekome cha mkuyu. Nyerere zake zidali ku ndende ya Mikuyu kuno kwathu, ndi ku Spaç kumeneko, kumene akaidi a ndale ankakumba miyala ya kopa mu mgodi wa pakati pa mapiri.

Ngati dongosolo limeneli lidali lokoma, bwanji eni ake adalithawa chitseko chitangogwedezeka? Mu July 1990 anthu pafupifupi 5,000 adalumpha mipanda ya maofesi a akazembe a maiko akunja mu Tirana, kupempha kuti awatulutse m'dziko. Mu December chaka chomwecho ophunzira a pa yunivesite adachita zionetsero, ndipo boma la Ramiz Alia, amene adalowa m'malo mwa Hoxha, lidagonja n'kulola zipani zambiri. Pa 20 February 1991 khamu la anthu lidagwetsa chifanizo chachikulu cha Hoxha pa bwalo la Skanderbeg. Mu August 1991 sitima yapamadzi yonyamula shuga yotchedwa Vlora idakocheza pa doko la Bari ku Italy itasenza anthu pafupifupi 20,000, ena atakangamira pa zingwe ndi pa milongoti. Amenewo adavota ndi mapazi. Inu amene mudawolokapo malire a ku Mchinji kapena mtsinje wa Songwe usiku, mtima uli m'mwamba, simufunika kukufotokozerani chimene chimachotsa munthu pa dziko la makolo ake.

Furgon idabadwa nthawi imeneyo. Mabasi a boma atafa, anthu wamba amene adapeza kangachepe ku Greece, ku Italy ndi ku Germany adagula magalimoto ogwirapo kale ntchito n'kuyamba kunyamula anzawo. Mtundu wonse udaphunzira chiwongolero nthawi imodzi, pa misewu yomangidwira ngolo ndi malole ochepa, n'chifukwa chake Mercedes-Benz yakale, yopirira maenje, idasanduka ngati galimoto ya fuko lonse. Choncho tikaona furgon yodzaza ikukwera phiri utsi uli tolo, tikuona anthu amene akupita kumene afuna, pa tsiku limene afuna, popanda kukagwada kwa mlembi wa chipani. Walira mvula walira matope. Mlendo amene amanyansidwa ndi matope amenewa n'kumasirira chilala chija ndi munthu wosaganiza, chifukwa iye mwini sakadaloledwa n'komwe kuima pa msewu umenewo ndi chikwama chake kumsana.

Koma tisanamizane. Mwambi wa mvula ndi matopewu atsogoleri a matipate asautenge ngati bulangete lodzifunditsa. Matope amabwera ndi mvula, inde, koma boma timalilemba ntchito kuti likumbe ngalande. Apa ndi pamene atsogoleri a Albania yatsopano, a zipani zonse ziwiri zazikulu, cha Democratic ndi cha Socialist, ayenera kuyankha milandu, pakuti ulesi ndi dyera lawo ndi zimene zimadyetsa nthenda yoiwala ija.

Mlandu woyamba ndi wa 1997. Boma la Sali Berisha lidalekerera makampani achinyengo olonjeza chiwongoladzanja chosaneneka. Anthu adagulitsa nyumba ndi ziweto n'kukaikako ndalama, ndipo makampaniwo atagwa dziko lidayaka moto. Nkhokwe za zida za asilikali zidathyoledwa, misewu ya kumwera idagwa m'manja mwa magulu a mfuti, anthu pafupifupi 2,000 adafa, ndipo maiko akunja adachita kutumiza ndege ndi sitima kudzatenga nzika zawo. Boma losankhidwa likagona tulo, msewu umatsekeka ngati mmene unkatsekekera nthawi ya wankhanza. Chimasintha ndi dzanja logwira mfuti basi.

Wachiwiri ndi wa njanje. Ya Durrës kupita ku Peqin idatsegulidwa mu 1947, ya Durrës kupita ku Tirana mu 1949, ndipo pofika m'ma 1980 sitima inkafika ku Shkodër kumpoto, ku Vlorë kumwera ndi ku Pogradec kum'mawa. Itafika demokalase njanje idasiyidwa ngati mwana wamasiye. Zitsulo zina zidazulidwa n'kukagulitsidwa, mabogi adatsala opanda magalasi, ndipo m'chaka cha 2013 siteshoni ya Tirana idagwetsedwa kuti padutse msewu waukulu wa mumzinda. Likulu la dziko la ku Ulaya lidatsala lopanda sitima. Mgwirizano wokonzanso njanje ya pakati pa Tirana ndi Durrës, pamodzi ndi nthambi yopita ku bwalo la ndege, udasainidwa mu 2021 ndi thandizo la European Union ndi banki ya EBRD. Apa n'kuti zaka 30 zitatayika, pamene mizinda iwiriyi yatalikirana makilomita osakwana 40 ndipo anthu zikwizikwi amayenda pakati pake tsiku lililonse. Kodi wosauka amene sangathe kugula galimoto, demokalase idamukonzera chiyani m'zaka zonsezo?

Wachitatu ndi wa zinthu zing'onozing'ono zimene sizifuna ngongole yakunja. Kwa zaka zambiri Tirana idalibe depoti yodziwika. Furgon ya ku Berat inkaimira pa ngodya ina, ya ku Shkodër pa ina, ndipo malowo ankasinthasintha, mwakuti ngakhale eni mzinda ankachita kufunsa. Kukhoma chikwangwani cha nthawi yonyamukira sikufuna msonkhano wa maiko. Kuyeza mabasi, kuyesa madalaivala moona ndi kuika zotchinga zolimba m'mbali mwa maphompho ndi ntchito yoyambirira ya boma lililonse lotolera msonkho. Mu May 2012 basi yonyamula ophunzira a pa yunivesite ya Elbasan idagwera kuphompho pafupi ndi Himarë, ndipo anthu 13 adafa. Makolo a ana amenewo sungawatonthoze powauza kuti umenewu ndiwo ufulu.

Zabwino nazo tizinena. Msewu wotchedwa Rruga e Kombit, kutanthauza Msewu wa Fuko, umene udatsegulidwa mu 2009 ndipo udaboola phiri makilomita oposa 5, udafupikitsa ulendo wochoka kunyanja kupita ku Kukës ndi ku Kosovo kuchoka pa maola 6 kufika pa 2 kapena 3. Mu July 2024 adatsegulanso msewu wa makilomita pafupifupi 6 wodutsa pansi pa phiri la Llogara, mwakuti wosafuna kukhotakhota pamwamba paja angathe kulambalala. Koma taonani kumene phula limathamangira. Limathamangira kumene kuli mlendo wandalama ndi kumene kuli kontrakiti yonona. Mtengo wa Rruga e Kombit udakwera kuposa kawiri umene adalengeza poyamba. Pamenepo agogo a m'mudzi wa kuphiri amene akufuna kukafika kuchipatala m'nyengo ya chisanu amaonabe zakuda. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma mwini mudzi ndiye adzayende msewuwo mpaka tsiku la maliro ake. Dziko limene limakonza kayendedwe ka mwini mudzi silivutika ndi ka mlendo, chifukwa basi yonyamuka pa nthawi yake siifunsa pasipoti.

Tsono ngati atsogoleri a matipate ali ndi milandu yotere, kusiyana kwawo ndi Hoxha kuli pati? Taonani masiku awiri awa. Pa 31 March 2018 anthu a ku Kukës, limodzi mwa maboma osauka kwambiri m'dzikomo, adakwiya ndi msonkho wa 5 euro umene boma la Edi Rama linkafuna kulipiritsa pa Rruga e Kombit, ndipo adaphwanya ndi kutentha zipata zolipirira. Kutentha katundu sitikuvomereza, ndipo ena adamangidwa. Koma boma lidaimitsa kaye msonkhowo, ndipo pamene lidauyambitsa lidawatsitsira mtengo anthu a m'deralo. Tsiku lina ndi la mu May 1973, pamene akaidi a ku Spaç adadzuka kukana nkhanza za mu mgodi. Boma la Hoxha lidatumiza asilikali, lidapha anayi mwa iwo, ndipo ena ambiri lidawaonjezera zaka. Lero ku Albania kuli bungwe lofufuza katangale lotchedwa SPAK, lokhazikitsidwa mu 2019, limene mu 2024 lidamangitsa mtsogoleri wakale wa dziko Ilir Meta, ndipo mu 2025 meya wa Tirana Erion Veliaj, powaganizira milandu ya ziphuphu. Kulakwa kapena kusalakwa kwawo ndi nkhani ya makhoti. Chathu n'chakuti mu demokalase wamkulu amatha kufunsidwa, ndipo wofunsayo amagona kunyumba kwake.

Olirira kale adzati: koma njanje mukuilirayo idamangidwa nthawi ya Hoxha, damu la Koman adaliyamba ndi Hoxha, magetsi adafika m'midzi yonse m'chaka cha 1970. Zoona zimenezo. Koma manja amene adagwira khasu ndi piki adali a yani? Adali a achinyamata otengedwa m'sukulu ndi m'mafakitale, amene ankatchedwa odzipereka pamene wokana ankadziwa chimene chimuchitikire. Adalinso a akaidi a ndale amene adakumba ngalande zoumitsa madambo, migodi, ngakhale bwalo la ndege la Rinas limene mlendo amaterapo. Makolo athu adali ndi dzina la ntchito yotere, ankati thangata. Maiko ambiri adamanga njanje ndi madamu popanda kuwombera ana awo panyanja. Amene akuti chitukuko chimafuna chikoti atiuze kaye msana umene akufuna kupereka, wawo kapena wa mnzawo.

Adzatinso: taonani, dziko likutha anthu. Kalembera wa 1989 adapeza anthu pafupifupi 3.2 miliyoni, wa 2023 adapeza 2.4 miliyoni. Ili ndi bala lenileni, ndipo mlendo wodutsa m'midzi ya kumapiri amaliona: nyumba zotseka, minda yogonera, sukulu zopanda ana. Koma mankhwala a bala limeneli ndi ntchito, malipiro okwanira, chipatala ndi msewu wofika kumudzi, kuti wachinyamata akhale kwawo mwa kufuna kwake. Waya waminga ungachulukitse chiwerengero pa kalembera, koma owerengedwawo amakhala akaidi. Ndipotu ambiri mwa amene adachoka itatha 1990 amabwerako chaka ndi chaka, amatumiza ndalama, ena adamanga nyumba zogona alendo kwawo. Wothawa nthawi ya Hoxha sankabwerako ngakhale ku maliro a mayi ake. Anzathu amene adabwerera kuno kumudzi pambuyo pa chikhululukiro cha 1993, n'kupeza manda m'malo mwa makolo, akudziwa kulemera kwa mawu amenewa.

Kwa Mmalawi amene mwayi ungamugwere wokafika ku Albania, malangizo athu ndi awa. Akwere furgon, alawirire m'mawa, asunge ndalama zapamanja, ndipo afunse ngati mtengo ndi wa lek yakale kapena yatsopano. Akaone Berat ndi Gjirokastër, mizinda yakale ya miyala imene bungwe la UNESCO lidaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi, akumbukire kuti wachiwiriwo ndi kumene Hoxha adabadwira m'chaka cha 1908. Koma asachoke mu Tirana asadalowe m'nyumba yotchedwa House of Leaves, mmene Sigurimi inkamvetsera mafoni ndi zolankhula za m'zipinda za anthu, imene idatsegulidwa mu 2017 kuti aliyense akaone zida za ukazitape. Alowenso mu Bunk'Art, phanga lalikulu la konkire limene akuluakulu adadzikumbira kuti adzabisalemo nkhondo ikadzabwera. Akatero atuluke panja, aime m'mbali mwa msewu, amvetsere mahutala aja. Adzawamva mwa mtundu wina.

Kuno kwathu Gawo 39 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa munthu aliyense ufulu woyenda ndi kukhala paliponse m'Malawi muno, wotuluka m'dziko ndi wobwereranso. Ufulu umenewu sadatipatse ngati mphatso, tidauimira pa mzere pa 14 June 1993. Choncho minibasi ikachedwa, msewu ukakumbika, sitima ikafa, tisayambe nyimbo ya bola kale. Tikagogode pa khomo la phungu, la khonsolo ndi la nduna ya zamtengatenga, tiwafunse kumene msonkho wa pa mafuta ndi wa pa zipata za pamsewu ukupita. Akalephera kuyankha, tidzakumane nawo pa tsiku la chisankho. Nzika za Albania zidadikira zaka zoposa 40 kuti zipeze mphamvu imeneyi, ife tidadikira zaka pafupifupi 30, ndipo munthu wosinthanitsa mphamvu yotere ndi basi yobwera pa nthawi yake adzapeza kuti basiyo ikupita kumene iye sadafune.